Tikka T3x ya .300 Win Mag: mfuti imene ndinaikonda ku Karoo koma ndinaletsa alamu anga kugula

Alamu anga, amene ali ndi munda waukulu kumunsi ku Bwanje, anandipeza pa Lizulu tsiku la msika ndikukweza matumba a kachewere mu lole. Asanafunse n'komwe za ana, anatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa pa YouTube. Mzungu wagona chafufumimba paphiri, wawomba, ndipo patapita kanthawi nyama ina kutsidya kwa chigwa yagwa khu!

"Alamu, inu munagwirako ntchito ya zimenezi ku Joni. Ndikufuna ngati iyi. Nguluwe zanditha, chifefe changa chija chimangoziopseza."

Ndinawauza kuti nkhani ya mfuti sitikambira pamsika, abwere kunyumba Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Zimene ndinawauza tsiku limenelo ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa ndaona kuti kanema ameneyu wazunguza mitu ya anthu angapo, osati iwo okha.

Ndinakhala zaka 9 ku South Africa, kuyambira 2014 mpaka 2023, pa famu ina yoweta nyama zakutchire cha ku Graaff-Reinet, m'dera louma lija amati Karoo. Ndinalowa ntchito yosenda nyama ndi kutsuka galimoto. Ataona kuti ndimatha kulonda mapazi, luso limene ndinatengera kwa agogo tikusaka akalulu m'mapiri a kwathu kuno, anandikweza kukhala woperekeza alendo odzasaka. Zaka zomaliza ndinali ine wopukuta mfuti zonse ndi kuziyesa pa chandamale nyengo yosaka isanayambe. Mfutizo sizinali zanga. Zinali pa layisensi ya bwana, ndipo lamulo la kumeneko limalola munthu ngati ine kuwomba pokhapokha mwini layisensi ali pomwepo. Koma imodzi mwa izo ndinasankha nawo, ndinakonza nawo, ndipo phewa langa likuidziwa kuposa la mwini wake.

Ku Karoo kulibe pobisala. Tchire limalekeza m'mawondo, mitengo ili m'makwawa mokha, ndipo nyama imakuona usanaione. Ukaiyandikira kufika mamita 250 ndiye kuti wachita mwayi. N'chifukwa chake mu 2018 bwana anaganiza zogula mfuti yotha kugwetsa ngoma, nyumbu, gemsbok (nyama ya nyanga zazitali zoongoka) ndi ntchefu zili patali, popeza zimene zinalipo, .270 ndi .308 yakalekale, alendo ena ankazinyoza kuti n'zazing'ono.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndi alamu anga omwe. Amayesa kuti nambala ya mfuti, imene imasonyeza kunenepa kwa chipolopolo, ikakula ndiye kuti mfutiyo ikufika kutali. Ayi. Tengani .375 H&H, imene inatuluka ku London mu 1912. Chipolopolo chake n'chonenepa, ndipo maiko ambiri a mu Africa salola munthu kusaka njati ndi mfuti yochepera pamenepa, koma ntchito yake yeniyeni ndi kugwetsa chinyama choopsa chili pafupi. Palinso .338 Lapua Magnum imene anapangira asilikali m'zaka za m'ma 1980. Imeneyo imafikadi kutali, koma mfuti zake zambiri zimalemera makilogalamu 6 kapena 7, ndipo wokwera nayo phiri akanakhala ine. Ndinaikana msangamsanga, bwana mpaka anaseka. Tinatsala ndi .300 Win Mag, imene a Winchester anatulutsa mu 1963.

Chodabwitsa n'chakuti chipolopolo cha .300 ndi cha .308 ya mu 1952 ndi cha .30-06 ya mu 1906 n'zonenepa chimodzimodzi, mamilimita 7.8. Kusiyana kuli kumbuyo, m'khoko mokhala onga. Khoko la .300 limadya onga wokwana ma grain (kamuyeso ka kulemera) 70 kapena kupitirira, pamene la .308 limakhuta ndi 45. Ndiye chipolopolo cha ma grain 180, amene ndi magalamu pafupifupi 12, chimachoka mu .300 pa liwiro la mamita 900 pa sekondi, pamene mu .308 chimachoka pa 800. Mamita 100 amenewa ndi amene munthu amalipira ndi ndalama, phewa ndi makutu. Mukumbukire zimenezi, tizibwerera.

Tinagula Tikka T3x Lite. Imapangidwa ndi a Sako ku Riihimäki m'dziko la Finland, ndipo mtundu wa T3x unabwera mu 2016 kulowa m'malo mwa T3. Tsiku limene tinaitulutsa m'bokosi sindinaikhulupirire. Thupi lake la pulasitiki wakuda, magazini yolowa zipolopolo zitatu nayonso ya pulasitiki, ndinati iyi ndi chidole cha ana. Ndinalakwa. Magaziniyo inagwa pamiyala kambirimbiri, inalowa fumbi lofiira la kumeneko, koma sinakanepo kupereka chipolopolo ngakhale kamodzi. Bolt yake, chitsulo chokokera chipolopolo mumpope, imatsetsereka ngati yapakidwa mafuta a nsatsi, ndipo imatukuka pang'ono, madigiri 70 okha, choncho chala sichigunda sikopu, galasi lolozera lija, ukamakoka mwachangu. Trigger yake, pokokera chala powomba, mukhoza kuisintha kulimba kwake pakati pa kilogalamu imodzi ndi awiri. Ife tinaiika cha pakati, ndipo siyendayenda pansi pa chala, imangoti thyo nthawi yake ikakwana. Opanga amalonjeza kuti zipolopolo zitatu zigwera mkati mwa masentimita atatu pa mamita 100. Yathu inakwaniritsa. Mabowo atatu ndinkawaphimba ndi chotsekera botolo la Fanta. Pa zimenezi ndilibe chodandaula, ndipo mwa mfuti zonse za mtengo umenewo zimene alendo ankabwera nazo, sindinaone yoiposa kulunjika.

Vuto tinalipanga tokha. Tinkafuna mfuti yamphamvu komanso yopepuka, ndipo akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Popanda sikopu imalemera makilogalamu atatu okha. Onga wonse uja ukaphulika m'chitsulo chopepuka chonchi, mphamvu yake imabwerera paphewa ngati wakumenya chidendene bulu. Chipolopolo choyamba umapirira, chachiwiri umaluma mano, pofika chachisanu thupi limayamba kudziteteza lokha usanawombe. Ine ndinkakana kuti sindikuopa. Tsiku lina bwana anaika m'magazini chipolopolo chabodza, chopanda onga, osandiuza. Nditakoka, mfuti inangoti kwe, koma mpope unagwadira pansi ndipo maso anga anali otsinzina. Anyamata anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake ndinkalasa bwino ndi .308 yakale ija koma ndi yatsopanoyi zipolopolo zinkagwera kumunsi chakumanzere. Mpope wakenso ndi woonda, umatentha msanga. Ukawomba katatu uyenera kudikira uzizire, apo ayi mabowo amayamba kumwazikana. Posaka si nkhani, chifukwa kawirikawiri umawomba kamodzi. Koma pophunzira zimadya tsiku lonse.

Ndiye tinayamba kuikonza, ndipo apa ndi pamene ndalama zinapita.

Poyamba tinachita kaumbombo pa sikopu. Tinachotsa ina yotchipa pa mfuti ina n'kuikapo. Isanakwanitse zipolopolo 40 inali itasokonekera m'kati, lero ikuloza apa, mawa apo. Komanso inkafuna kuti diso liyandikire kwambiri kuti uone bwino, ndiye tsiku lina ndikuwomba chokweza phiri inandibwerera pamphumi. Chipsera chilipo pamwamba pa nsidze yakumanja, ana amati ndinamenyedwa ku Joni. Kenako tinagula yeniyeni, yokulitsa kuyambira katatu mpaka ka 15, yosiya mpata wa masentimita 9 pakati pa galasi ndi diso. Mtengo wake unaposa wa mfuti, ndipo ndikunenetsa kuti mpomwe payenera kupita ndalama. Tinasankha yoti ukapotokola kamodzi chipolopolo chimasuntha sentimita imodzi pa mamita 100, ziwiri pa 200, zitatu pa 300. Ife amene tinaphunzira masamu a mamita sitivutika nayo, pamene za ma inchi zija zimafuna kuwerengera pansi nyama ikuchoka. Tinaimanga ndi mphete za Optilock zimene zimapangidwira mfuti zomwezi, ndipo kuyambira pamenepo sinasunthenso. Musanamizidwe ndi kukulitsa kwambiri. Masana dzuwa likatentha, mpweya umachita ngati ukuwira, ndipo ukakulitsa mpaka ka 15 umangoona nyama ikuvina. Nthawi zambiri ndinkaisiya pa 8.

Chachiwiri ndi chimene ndimadandaula nacho mpaka lero. Pofuna kuchepetsa kumenya kuja tinapita kwa mmisiri wa mfuti, anatiikira muzzle brake, kachitsulo ka mabowo m'mbali kamene amamangira kumapeto kwa mpope. Kumenya kunachepadi kwambiri. Koma mpweya ndi phokoso zimene zikanapita kutsogolo zimatulukira m'mbali, ndipo amene amaima m'mbali mwa wowomba ndi ndani? Woperekeza ndi galu. Mlendo amavala zotseka m'makutu, ine ndimafunika kumva kumene nyama yathawira. Nyengo imodzi yokha, khutu langa lakumanzere linayamba kulira ngati nyenje, ndipo silinasiyebe. Mayi a kunyumba akamandiyankhula ali kumanzere amati ndikuwanyoza. Kagalu kathu ka Jack Russell kankati kakaona mfuti imeneyi kankalowa pansi pa galimoto. Tinakachotsa kachitsuloko n'kuikapo silencer yochepetsa phokoso, imene alenje kumeneko amaloledwa kugwiritsa ntchito. Musaganize za m'mafilimu zoti mfuti imangoti fyu. Imalirabe kwambiri, chifukwa chipolopolo chimathamanga kuposa mawu, koma kuphulika kong'amba makutu kuja kumachepa ndipo kumenya kumachepanso. Imatalikitsa mfuti ndi kuilemeretsa kutsogolo, ndipo ukaiika uyenera kuyesanso pa chandamale chifukwa pogwera chipolopolo pamasintha. Pa zonse zimene tinawonjezera, iyi ndikanayamba nayo.

Kenako tinasintha thupi lake n'kuika lamatabwa omatikiza la GRS, lochokera ku Norway, limene umatha kukweza potsamira tsaya ndi kutalikitsa potsamira phewa malinga ndi msinkhu wa munthu. Zinathandiza, chifukwa bwana anali chimphona ine ndine wamfupi. Titamaliza zonse tinaiika pa sikelo yopimira nyama, inapitirira makilogalamu asanu. Tinayang'anana. Tinagula yopepuka n'kuwononga ndalama zambiri kuilemeretsa. Tikanangogula ya mpope wonenepa poyamba pomwe, ija amati Varmint, tikanapulumutsa ndalama ndi phewa.

Timiyendo tiwiri tomangira pansi pa mpope tinkagwira ntchito pa chandamale pokha, kutchire ukagona umangoona zitsamba. Ndodo zitatu zomanga pamodzi zoimikira mfuti zinali bwino. Koma kachipangizo koyezera mtunda, rangefinder, ndiko kanali kofunika kuposa zonse. Pamalo oyera maso amanama. Nyama imene ndikanalumbira kuti ili pa mamita 250 kankaonetsa 340.

Zipolopolo tinayesa mitundu inayi, tinakhazikika pa ya ma grain 180 imene mtovu wake ndi womatirira ku chikopa chake cha mkuwa, kuti isaphwanyike ikagunda fupa la phewa. Bokosi limodzi la 20 ndalama yake ndikanagula thumba la feteleza. Komanso onga wambiri uja umadya mpope. Amisiri amati .300 ikawomba zipolopolo zikwi ziwiri imakhala itatopa, pamene .308 imapitirira zikwi zisanu ikadali bwino.

Pa thupi la mfutiyo ndinamata kapepala. Titaikonza kuti izilasa pakati pa mamita 200, pa 300 chipolopolo chinkatsika masentimita 20, pa 400 masentimita 60, ndipo pa 500 kupitirira mita yathunthu. Kutsikako si vuto, umayeza mtunda n'kupotokola sikopu. Chovuta ndi mphepo. Kamphepo kongogwedeza udzu, ka makilomita 16 pa ola, kakamawomba chopingasa kamakankha chipolopolo masentimita pafupifupi 30 pa mamita 400. Malo a mtima ndi mapapo a ngoma ndi ngati mbale yodyera nsima. Ndipo chipolopolo chimatenga theka la sekondi kuti chifike, nthawi yokwana kuti nyama iponye phazi limodzi.

Mu June 2021 alendo akunja anasowa chifukwa cha COVID-19, ndiye tinkasaka tokha nyama yopangira biltong, nyama youmitsa ija. Madzulo ena tinaona tonde wa ngoma ataima kutsidya kwa khwawa lakuya. Kachipangizo kanati 430. Pamene tinagona panali bata, ngakhale tsitsi silinkagwedera. Bwana anati, "Ukufuna?" Ndinati eya. Ndinapotokola sikopu monga mwa kapepala, ndinapuma bwino, sindinatsinzine. Ndinamva chipolopolo chikugunda, koma kulira kwake kunali kwa phu, osati kwa fupa. Ngomayo inapinda msana n'kutsetserekera m'tchire. M'khwawamo munkadutsa mphepo imene ife sitinkaimva, ndipo inakankhira chipolopolo kumbuyo kwa nthiti. Pamene inaima tinapeza magazi ochepa osakanikirana ndi zobiriwira za m'mimba. Ndinailonda mpaka mdima, usiku sindinagone, m'mawa ndinayambiranso ndi kagalu kaja. Tinaipeza masana itagona pansi pa mtengo waminga, ikupumabe, ikutiyang'ana. Nyama ina inali itayamba kale kuwonongeka. Mfuti inachita zonse zimene ndinaiuza. Kanema wa alamu uja zotere saonetsa, amadula n'kuika pamene yagwa.

Kuchokera tsiku limenelo ndinadziikira malire a mamita 300, ndipo alendo amene sindinawaone akulasa pa chandamale ndinkawakokera pafupi kuposa pamenepo. Tsono nayi nkhani imene imawawa: pa mamita 300, kusiyana kwa katsikidwe ka .300 ndi .308 sikukwana masentimita 10. Ndalama zonse zija, chipsera, khutu, zinagula masentimita osakwana khumi pa mtunda umene munthu wanzeru amawomberapo. Sindikuti ilibe ntchito. Pa ntchefu yamphongo yolemera kupitirira theka la tani, kapena gemsbok imene imalimba moyo ngati mphaka, mphamvu yowonjezerayo ndinaiona ikuthandiza. Kwa munthu wozolowera, amene amawomba zipolopolo mazana pachaka ndipo amasaka m'dziko loyera ngati lija, Tikka imeneyi ndingamuuze agule mosakayika, ya mpope wonenepa, n'kuika silencer ndi sikopu yabwino tsiku lomwelo. Woyamba kumene agule mtundu womwewu koma wa .308, ndalama yotsalayo agulire zipolopolo zophunzirira.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu titakhala pakhonde, mphepo ya June ikutsika m'mapiri, aliyense atafunda jekete. Ankangogwedeza mutu, koma ndinaona kuti mtima udakali pa kanema. Ndiye ndinawafunsa kuti nguluwe zimabwera nthawi yanji. Anati usiku. Mumaziona zili kutali bwanji? Anati ngati apa ndi pa nkhokwe paja, mwina mapazi makumi atatu, m'kati mwa chimanga. Ndinati alamu, sikopu yokulitsa ka 15 mudzaona nayo masamba a chimanga okha. Ndipo chipolopolo cha .300 chikaphonya chimatha kuuluka makilomita anayi kapena kupitirira chisanagwe. Famu imene ndinkagwirako inali mahekitala zikwizikwi ndipo tinkakhalamo mabanja anayi, tinkadziwa pamene aliyense ali. Ku Bwanje kuseri kwa chulu chilichonse kuli mayi akutola nkhuni, mwana akudyetsa mbuzi, mnyamata akuchokera kwa chibwenzi usiku. Kwathu kuno kumtunda ndiye kungakhale kuseka, chifukwa msewu wa M1 ndiwo malire. Ndikawombera pakhomo panga chakumadzulo ndiye kuti ndayamba nkhondo ndi Mozambique.

Ndinawakumbutsanso za boma. Layisensi ya chifefe chawo ndi ya chifefe chomwecho, mfuti ina imafuna chilolezo chakechake kupolisi, ndipo kuilowetsa m'dziko kumafunanso china. Kukhala ndi mfuti si chilolezo chophera nyama, imeneyo ndi nkhani ya a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire. Lamulo lawo analikhwimitsa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Njovu zimatuluka m'nkhalango ya Dedza-Salima n'kulowa m'minda, ndipo munthu wokhala ndi mfuti yaikulu pakhomo ndi amene mudzi wonse umathamangira. Ukakana akuda, ukavomera wapita ku Maula. Ndinawafunsanso kuti zipolopolo 200 zophunzirira adzazigula ndi chiyani, ndipo adzaphunzirira kuti popanda kudzidzimutsa midzi itatu.

Agogo athu anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali mu KAR (King's African Rifles), atanyamula .303 yopanda galasi lililonse. Atabwerera sanagwirenso mfuti. Nguluwe ankathana nazo ndi mbuna, agalu ndi kugona kumunda. Nditawatchula agogowo alamu anaseka, anati nkhalamba ija inkagona pansanja ngakhale kukuzizira chotani, ndi kamoto m'phale.

Patapita milungu iwiri ndinatsikira ku Bwanje. Tinayenda m'mphepete mwa munda ndikuwaonetsa mapazi. Nguluwezo zinkalowera malo awiri okha, pamene mpanda waminga unagwa cha kumtsinje. Tinatseka, tinakumba ngalande, tinamanga nsanja moyang'anizana ndi njirayo, iwo anagula tochi yaikulu ya solar pa Ntcheu boma. Chifefe chija pa mapazi makumi atatu n'chokwanira, ndipo kuseri kwa pamene angawombere kuli gombe la mtsinje, osati mudzi.

Pondiperekeza kokwerera minibasi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anatulutsanso foni.

"Nanga alamu, .270 ija mumanena ija, imamenyanso phewa chimodzimodzi?"